Bambo atuluka Lachisanu, koma ulendo watha anesi anaphunzitsa munthu wina

Nachisale: Moni nonse. Pepani ndilemba zambiri, mtima wadzadza. Bambo anga a zaka 71 anadwala sitiroko mwezi watha. Mbali ya kumanja inafooka ndipo mawu akutuluka movutikira. Anagonekedwa masabata atatu. Tsiku lowatulutsa ine ndinali kunyumba kukonza chipinda, kuchipatala kunapita achimwene anga aakulu poti ndi amene ali ndi galimoto. Anesi anafotokozera iwowo zonse, akuti ataimirira pakhomo la wodi, uku akusaina mapepala uku foni ikulira. Atafika anangonditula jumbo la mankhwala n'kunena kuti "akuti azimwa m'mawa ndi madzulo, tidzapitenso pakatha masabata awiri." Basi. Madzulo omwewo anabwerera kwawo.

Ine ndinkawapatsa mankhwala atsopanowo pamodzi ndi a BP akale omwe anali m'kabati, osadziwa kuti akalewo adokotala anali atawaletsa. Madzi ndinkawamwetsa atagona chagada chifukwa kuwadzutsa ndekha kunkandivuta. Ankatsamwa n'kumakhosomola, ine n'kumati ndi ukalamba. Tsiku la 9 anatentha thupi, akupuma mothamanga, tinabwereranso. Akuti chibayo, ndiponso BP inali itatsika kwambiri. Adokotala atandifunsa kuti "kodi simunauzidwe za kamezedwe kawo?" ndinangoyamba kulira.

Pano akupeza bwino, akuti atuluka Lachisanu. Lero ndi Lolemba. Ndili ndi mantha. Ndichite chiyani kuti zisabwerezedwe?

Gogo Nangondo: Pepa mwanangu. Pukuta misozi, bambo ako ali moyo ndipo iwe ndi amene unawathamangitsira kuchipatala nthawi isanathe.

Nesi Mphatso: Pepani achemwali. Choyamba chotsani mumtima zoti munalakwa, munthu sangachite zomwe sanaonetsedwe. Ndagwira ntchito mu wodi zaka zambiri ndipo zimenezi ndimaziona pafupifupi sabata iliyonse. Amene amabwera kudzatenga wodwala kawirikawiri si amene amamusamalira. Kumabwera wa galimoto, wolipira bilu, kapena wamkulu pabanja. Amene adzadzuke 2 koloko usiku kusintha zofunda amakhala ali kunyumba akukolopa. Ndiye ife timaphunzitsa amene waimirira patsogolo pathu, n'kulemba mu fayilo kuti "abale afotokozeredwa."

Musadikire Lachisanu. Mawa lomwe mupite kwa nesi wamkulu wa wodi mukanene kuti "wosamalira bambowa kunyumba ndine, lembani dzina langa ndi nambala yanga, ndipo chilichonse chofunika kuphunzitsa muphunzitse ine." Tsiku lotuluka ndi loipa kuphunzirapo chilichonse. Wodwala maganizo ake ali kunyumba, inu muli pa katundu ndi mayendedwe, ife tili pa bedi lomwe wina akulidikira kale. Muli ndi Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi. Masiku amenewo, nesi akamawasambitsa, akamawatembenuza, akamawadyetsa, musatuluke panja. Tsiku loyamba muonerere, lachiwiri muchite iye akuthandizani, lachitatu muchite nokha iye atapinda manja.

Nachisale: Zikomo anesi. Koma amatitulutsa nthawi ya raundi ya madokotala. Ndikakamira sadzanditenga ngati wovuta?

Nesi Mphatso: Nthawi ya raundi tulukani, koma musiye uthenga kwa nesi kuti adokotala akamaliza muli ndi mafunso. Zosambitsa ndi zodyetsa zija sizichitika pa raundi. Ndipo gadiyani wofunsa mafunso ife sitimutenga ngati wovuta. Amene amatidetsa nkhawa ndi wongogwedeza mutu.

Pa zogwedeza mutuzi ndionjezepo. Funso loti "mwamva?" ndi lopanda ntchito, aliyense amati eya, ena mwaulemu, ena mwamanyazi. Njira yomwe timaphunzitsidwa, pa Chingerezi amati teach-back, ndi yoti nesi akafotokoza apemphe munthuyo kuti abwereze m'mawu akeake kapena aonetse ndi manja. Amati "ndikufuna ndione ngati ndafotokoza bwino, tandiuzani mukafika kunyumba mankhwala awa mudzawapatsa bwanji." Amene akuyesedwa pamenepo ndi nesi, osati inu. Ngati nesi wanu sachita zimenezi, yambitsani nokha: "sisitala, imani kaye ndibwereze, mundikonze ndikalakwitsa." Katswiri wina, Roy Kessels, analemba mu 2003 kuti odwala amaiwala nthawi yomweyo pakati pa 40 ndi 80 peresenti ya zomwe auzidwa kuchipatala, ndipo pa zomwe akumbukirazo pafupifupi theka amakumbukira molakwika. Ndiye ganizirani achimwene anu aja, ataimirira pakhomo foni ikulira.

Yamikani wa ku famase: Ndilowepo pa mankhwala, poti ndi pomwe panapweteka bambo. Achemwali, mawa mutenge mankhwala onse omwe ali kunyumba, akale, otsala, ogula nokha, a mutu, a chimfine, ngakhale a zitsamba ngati alipo, muike m'jumbo limodzi mupite nawo. Muwakhuthulire patebulo pamaso pa adokotala kapena a ku famase. Pa botolo lililonse yankho likhale limodzi mwa atatu awa: apitirize, asiye, kapena mlingo wasintha. Oti asiye musabwerere nawo kunyumba. Mankhwala oletsedwa akatsala m'kabati, tsiku lina wina wachifundo adzawapatsa.

Chomwe chimapusitsa anthu kwambiri ndi mayina. Mankhwala amodzi amatha kukhala ndi mayina awiri. Furosemide ndi Lasix ndi chinthu chimodzi. Metformin ndi Glucophage ndi chimodzi. Munthu amakhala ndi paketi yakale yolembedwa dzina lina, kuchipatala n'kumupatsa yolembedwa dzina linalo, mtundu wa piritsi wosiyananso, iye n'kumamwa onse awiri. Paracetamol nayenso amabisala m'mankhwala ambiri a chimfine, munthu n'kumwa kawiri osadziwa. Ndipo ngati bambo apatsidwa aspirin kapena mankhwala ena oletsa magazi kuundana, musawapatse ibuprofen kapena diclofenac musanafunse, amatha kuyambitsa kutaya magazi m'mimba.

China, poti akuvutika kumeza mudzafuna kumaphwanya mapiritsi. Funsani za piritsi lililonse payekha. Ena anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono tsiku lonse, pa paketi pamakhala zilembo ngati SR, XL kapena MR. Mukaphwanya amenewo, mankhwala a tsiku lonse amalowa m'thupi nthawi imodzi. Akakhala a BP, BP imagwa.

Nachisale: Mayo ine. Alipo ena omwe ndinkaphwanya ndi supuni.

Yamikani wa ku famase: Mupite nawo amenewo mukafunse. Simuli nokha ayi. Ku America ofufuza otsogozedwa ndi Alan Forster anatsatira odwala 400 atatuluka m'chipatala, zotsatira zinatuluka mu 2003. Pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse anakumana ndi vuto m'masabata oyamba ali kunyumba, ndipo mavuto awiri mwa atatu alionse anali a mankhwala. N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO litakhazikitsa ndondomeko ya Medication Without Harm mu 2017, linaika nthawi yomwe wodwala akuchoka m'manja mwa ena kupita m'manja mwa ena ngati imodzi mwa nthawi zitatu zoopsa kwambiri pa mankhwala.

Dalitso K: Ine ndiyankhulako zosiyana, musandigende. Kodi zonsezi si njira yoti chipatala chitisenzetse ntchito yake? Nesi anaphunzira zaka zingapo. Mayi uyu aphunzire masiku atatu kutembenuza munthu wolemera, kumudyetsa osamutsamwitsa, kuwerenga mayina a mankhwala. Zikalakwika adzati "tinakuphunzitsani, munasaina." Ine amalume anga anatuluka ndi chubu cha mkodzo. Anatiphunzitsa bwinobwino, thumba lizikhala pansi pa chiuno, osalikweza, kusamba m'manja tisanakhuthule. Tinachita zonse. Chubu chinatsekekabe usiku, mimba n'kutupa, munthu akubuula, ife tikuyang'anizana. Maphunziro aja anatithandiza chiyani?

Nesi Mphatso: Achimwene, sindikugendani, theka la zomwe mwanenazo ndi zoona. Odwala masiku ano amatuluka msanga, ali ndi zambiri zotsala, ndipo ntchitoyo imagweradi pa abale. Koma imagwera pa iwo kaya aphunzitsidwa kaya ayi. A Nachisale anaigwira masiku 9 osaphunzitsidwa, mwaona zomwe zinachitika. Ndipo pa amalume anuwo ndikuona kuti anakuphunzitsani theka. Anakuonetsani zochita zonse zikamayenda bwino, sanakuuzeni zochita zikavuta. Anayenera kunena kuti mukaona thumba silikudzadza kwa maola angapo, yang'anani ngati chubu chapindika kapena agonera, ndipo ngati sichinapindike koma m'munsi mwa mimba mukutupa ndi kupweteka, nyamukani nthawi yomweyo, musadikire kucha, ndiponso musachizule nokha poti mkati muli kabaluni komwe kamachigwira. Maphunziro opanda "mukaona izi thamangani" ndi osakwanira.

Dalitso K: Za kabaluni ndikumva lero. Msuweni wanga anatsala pang'ono kuchikoka.

Chikondi (fizo): Achemwali a Nachisale, ine ndimagwira ntchito yolimbitsa ziwalo za odwala, a sitiroko ndimakhala nawo tsiku lililonse. Za kumeza, pemphani kuti asanatuluke awayeze kamezedwe ndipo akuuzeni kuti chakudya chikhale chofewa motani, zakumwa zikhale zolimbirako kapena ayi. Ambiri sadziwa kuti madzi enieniwa ndi amene amatsamwitsa kwambiri, chifukwa amathamanga kukhosi kusanatsekeke. Asadye kapena kumwa atagona. Akhale tsonga, mutu usagwere kumbuyo, pang'onopang'ono, supuni ina isalowe yoyamba isanamezedwe, ndipo musawayankhulitse chakudya chili m'kamwa. Akamaliza akhalebe tsonga mphindi 30. Kenako muyang'ane m'tsaya la mbali yofookayo, chakudya chimabisala m'menemo iwo osamva, n'kudzatsikira m'mapapo atagona. Muziwatsuka m'kamwa m'mawa ndi madzulo, zimachepetsa chibayo. Mukamva mawu akumveka ngati muli madzi kukhosi atangomeza, siyani kaye.

Powadzutsa, chonde chonde musakoke mkono wofookawo. Minofu yogwira phewa imakhala italefuka, mukakoka phewa limaguluka ndipo ululu wake umatenga miyezi. Akakhala pampando, mkonowo uzikhala pa pilo, usamalendewere. Powasamutsa kuchoka pabedi, mpando muike mbali yamphamvu. Izi sindingakuphunzitseni polemba, mufunse wa fizo wa mu wodimo akuonetseni ndi thupi la bambo lomwelo, mubwereze katatu kanayi mpaka msana wanu upeze njira yake.

Zilonda za pabedi: ngati sangathe kudzitembenuza, muziwatembenuza pafupifupi maola awiri alionse, ndipo tsiku lililonse muziyang'ana zidendene, m'chiuno ndi pafupa la kumunsi kwa msana. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, ndiye muziona ngati pada kuposa pozungulira, patentha, kapena palimba. Pakatero asagonerepo, ndipo musapatikite.

Nachisale: Maola awiri alionse, usiku womwe? Ine ndili ndekha, ndili ndi ana awiri komanso ntchito.

Gogo Nangondo: Apa ndi pomwe ndimafuna tifike. Ine ndinasamalira amuna anga zaka zinayi mpaka anatisiya. Chaka choyamba zonse ndinkadziwa ndine ndekha. Tsiku lomwe ndinadwala ine, m'nyumba munali anthu akuluakulu atatu koma panalibe wodziwa kuti piritsi loyera ndi la nthawi yanji. Anachita kundidzutsa ndili thukuta kamukamu kuti ndiwalozere. Mwanangu, usaphunzire wekha. Achimwene ako aja abwere Lachitatu, avule jekete, aphunzire kutembenuza bambo awo. Galimoto si chisamaliro.

Bambo a Tadala: Agogo mwalasa. Koma nthawi zina amunafe timafuna kuphunzira, amatithamangitsa. Akazi anga atachira mwana woyamba kudzera pa opaleshoni, nthawi yophunzitsa anati abambo dikirani panja. Anaphunzitsa mayi woti sanagone masiku atatu, bala likupweteka, mwana akulira. Kunyumba tinali awiriwiri. Patatha sabata mwendo umodzi unatupa, katumba akupweteka. Ine ndinkautikita ndi mafuta, ndikuyesa ndikuthandiza. Mwamwayi mnzanga wina anati pitani kuchipatala lero lomwe. Anapeza kuti magazi aundana mumtsempha, ndipo anati akanathothoka n'kupita kumapapo zikanakhala zina. Pa pepala lomwe anatipatsa zinalembedwa, mzere wachisanu ndi chiwiri, pepalalo lili m'chikwama cha matewera. Pa mwana wachiwiri ndinakana kutuluka. Ndinati mukamaliza za amayi okhaokha mundiitane, ndimve nawo zizindikiro zoopsa za mayi ndi za mwana. Anandiitana, ndipo nesi wake anasangalala.

Takondwa: Ndikugwirizana nazo zonse koma ndiyankhuleko ngati wodwala. Ine ndili ndi shuga, ndimadzibaya insulin. Nditagonekedwa koyamba, tsiku lotuluka adokotala ankayang'ana amuna anga okha. "Muziwabaya chonchi, muziwapatsa chakuti." Ine ndili pabedi pomwepo, maso ali tcheru, mutu ukugwira. Ndinamva ngati ndine katundu woti akuperekedwa. Kuphatikiza abale sikutanthauza kudumpha mwini thupi. A Nachisale, bambo anu mawu akuvuta koma mwina akumva zonse. Anesi aziyankhula ndi iwo, inu muzimvera limodzi.

Komabe chomwe anaphunzira amuna anga chinandipulumutsa. Shuga akatsika kwambiri, munthu sudzidziwa. Tsiku lina m'bandakucha anandipeza ndili thukuta, ndikunjenjemera, ndikuyankha zosagwirizana. Anakumbukira kuti ngati ndikutha kumeza andipatse madzi a shuga, ngati ndakomoka asandithire chilichonse m'kamwa koma athamange nane. Chimenecho ndi chinthu choti ine sindingadzichitire. Ndiye maganizo anga ndi akuti wodwala aphunzire zonse zomwe angathe, wachibale aphunzire makamaka za nthawi yomwe wodwalayo sangathe.

NaPhiri: Ndionjeze pa za a Takondwa. Wodwala afunsidwe kaye kuti akufuna ndani amve. Si wachibale aliyense amene ali pambali pa bedi amene wodwala amamukhulupirira. Mnzanga wina matenda ake anamvedwa ndi apongozi ake chifukwa nesi anangoyamba kufotokoza mankhwala pamaso pa aliyense amene analipo. Banja linagwedezeka. Chinanso, asamagwiritse ntchito ana ngati omasulira. Kamtsikana ka zaka 12 kakumasulira za matenda a amayi ake, zina kamachita manyazi n'kudumpha, zina sikazimvetsa.

Nesi Mphatso: Zoona zenizeni. Funso loyamba limayenera kupita kwa wodwala, pa awiri: "kunyumba akuthandizani ndani, ndipo mukulola kuti timuuze zingati?" Wina amalola kuti mwana wake aphunzire kutsuka bala koma asauzidwe dzina la matenda. Zimatheka ndithu.

Limbani: Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku America. Kuno nkhani imeneyi anachita kuiika m'malamulo. Lamulo lake limatchedwa CARE Act, linayambira ku Oklahoma mu 2014 mokankhidwa ndi bungwe loimira anthu achikulire la AARP, ndipo pano lili m'zigawo zoposa 40. Limanena zinthu zitatu basi: chipatala chilembe dzina la wosamalira yemwe wodwala wasankha, chimudziwitse wodwalayo asanatulutsidwe, ndipo chimuphunzitse ntchito zomwe akukachita kunyumba. Chomwe chinawadzidzimutsa ndi kuchuluka kwa obwerera. Kafukufuku wa Stephen Jencks ndi anzake mu 2009 anapeza kuti mwa odwala a Medicare, inshulansi ya boma yolipirira okalamba kuchipatala, pafupifupi mmodzi mwa asanu ankagonekedwanso pasanathe masiku 30. Kenako mu 2017 ofufuza a ku University of Pittsburgh ataphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana anapeza kuti osamalira akaphatikizidwa pokonzekera kutuluka, kubwerera m'masiku 90 kumatsika ndi 25 peresenti.

Koma ndisakunamizeni, lamulo lilipo koma ndaonapo anthu akupatsidwa mapepala 20 n'kuuzidwa kuti sainani apa. Pepala limati aphunzitsidwa, manja sanagwirepo kanthu.

Dalitso K: Ndiye mwaona? Ngakhale kumene kuli malamulo ndi ndalama zimakanika. Nanga nesi mmodzi wa odwala wodi yonse nthawi aitenga kuti?

Nesi Mphatso: Nthawi ndi yochepadi, sindikana. Pali masiku omwe ndimaweruka osakhala pansi. Koma kuphunzitsa kwabwino sikufuna kalasi. Bala ndimatsuka kale tsiku lililonse. Kunena kuti "mayi, bwerani muime apa, valani magolovesi" kumangoonjezera mphindi zochepa. Chomwe chimadya nthawi ndi wodwala yemweyo akabwerera sabata yamawa bala litachita mafinya, n'kudzagona masiku khumi. Cholakwika chathu n'choti timasunga zonse mpaka tsiku lomaliza n'kuzikhuthula kamodzi ngati ndowa.

Yamikani wa ku famase: Ndipo pali kanthu kena kotchipa komwe kamathandiza: foni. Ku Boston, gulu la Brian Jack linayesa ndondomeko yotchedwa Project RED. Nesi ankakonza dongosolo lotulukira pamodzi ndi wodwala, n'kumupatsa kabuku kosavuta kuwerenga, kenako wa ku famase ankamuimbira pakatha masiku awiri mpaka anayi kufunsa za mankhwala. Zotsatira za mu 2009 zinaonetsa kuti kubwerera kuchipatala m'masiku 30 kunatsika ndi pafupifupi 30 peresenti. Mafunso enieni amabwera munthu atafika kunyumba, atatsegula jumbo. A Nachisale, musatuluke opanda nambala yoimbira, ndipo mufunse kuti usiku ndi Loweruka imayankhidwa ndi ndani.

Achimwene Joe: Ine njira yanga ndi kujambula. Amayi atatuluka ndinapempha nesi kuti ndijambule pa foni akutsuka bala, nkhope yake osaoneka. Analola. Vidiyoyo ndinatumiza pa gulu la WhatsApp la banja, aliyense wobwera kudzagona ankaonera kaye. Koma pemphani kaye, ndipo odwala ena asaoneke.

Woyang'anira gulu: Chikumbutso chabe: zomwe tikugawana pano zisalowe m'malo mwa malangizo a adokotala a wodwala wanu. Makamaka pa mankhwala, musasiye kapena kusintha chifukwa mwawerenga pano. Pitirizani, nkhani yake ndi yabwino.

Chikondi (fizo): Chimodzi ndinaiwala. Amene anadwalapo sitiroko akhoza kudwalanso, makamaka miyezi yoyamba. Aliyense m'nyumbamo, ngakhale ana anu, adziwe zizindikiro: nkhope kupotoka mbali imodzi, mkono kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, mawu kusokonekera kuposa mmene alili pano. Mukaona chimodzi, onani nthawi pa wotchi ndipo nyamukani. Nthawiyo adokotala adzaifunsa chifukwa mankhwala ena amagwira m'maola ochepa oyambirira okha. Musawamwetse kanthu, musadikire kuti mwina zisintha akagona.

Nachisale: Ndabwera kudzakuuzani za lero Lachitatu. Dzulo ndinapita ndi jumbo lija. Munali mitundu 11. Adokotala anachotsa inayi, iwiri mwa imeneyo inali mankhwala amodzi a mayina osiyana, ndendende zomwe ananena a Yamikani. Lija ndinkaphwanya ndi supuni linalidi losayenera kuphwanya, alisintha n'kuika lina. A ku famase andilembera pa pepala limodzi, m'mawa, masana, madzulo, ndipo pambali pa dzina lililonse alemba kuti ndi la chiyani.

Nesi wamkulu poyamba anandiyang'ana ngati ndabwera kudzadandaula. Nditanena kuti ndikungofuna kuphunzira, anafewa. Dzina langa lalembedwa pachikuto cha fayilo. Lero ndawadyetsa ndekha iye ataima pambali. Anandiimitsa kawiri, akuti ndikuthamanga, komanso supuni ndikudzadza kwambiri. Titamaliza anandiuza kuti ndiyang'ane m'tsaya. Munalidi chakudya. Ndinazizidwa thupi lonse poganiza masiku 9 aja.

Ndipo a Takondwa, munanena zoona. Nesi atafunsa bambo ngati akulola kuti ine ndiziuzidwa zonse, anagwedeza mutu movomera, kenako analoza ndi dzanja lamanzere kuti pepala la mankhwala alione nawonso. Analiyang'ana nthawi yaitali.

Takondwa: Mwandiliza. Muziwawerengera mokweza nthawi iliyonse mukuwapatsa, tsiku lina adzakukonzani ndi iwowo.

Gogo Nangondo: Nanga a galimoto aja?

Nachisale: Agogo, nkhondo inalipo. Anati ali ndi misonkhano, komanso iwo analipira kale zambiri. Ndinawatumizira zomwe munalemba zija osachotsa liwu. Anakhala chete tsiku lonse. Usiku analemba kuti abwera mawa ndi alamu anga.

Dalitso K: Chabwino, ndagonja pang'ono. Koma mufunsenso kuti zinthu ngati magolovesi, matewera aakulu ndi mpando wosambira muzipeza kuti, ndipo zikhale zitafika kunyumba iwo asanafike. Ife tinaphunzira kugwiritsa ntchito zinthu zomwe kunyumba kunalibe.

Nesi Mphatso: Mfundo yabwino achimwene. Muonjezenso tsiku, nthawi ndi chipinda chodzaonedwanso, zilembedwe, komanso ngati pali zotsatira za magazi zomwe sizinatuluke mufunse kuti adzakuuzani ndani. Zimenezi zimasowa kawirikawiri pakati pa wodi ndi kunyumba. Ndipo achemwali, funso limodzi lomwe ife timaiwala kufunsa: pali ntchito yomwe mukuona kuti simungathe? Ngati ilipo, nenani mawa, osati Loweruka muli nokha. Kusambitsa bambo ako okubereka si aliyense amakwanitsa, ndipo si chamanyazi kunena.

Nachisale: Imeneyo ndi yomwe imandivuta kwambiri, ndinkangoopa kunena. Nawonso bambo amatseka maso ndikamawasambitsa. Ndikauza achimwene kuti imeneyo ikhale yawo masiku omwe alipo, masiku ena tipeze mwamuna wothandiza.

Nachisale: Tafika kunyumba. Dzulo achimwene anabweradi, wa fizo anawagwiritsa ntchito ola lathunthu. Ulendo woyamba anagwira mkono wofooka uja, bambo anakuwa, wa fizo anati tiyambirenso. Pofika kachinayi anawakhazika pampando bwinobwino, malaya atanyowa ndi thukuta. Alamu anga ajambula pepala la mankhwala, lina tamata pachitseko cha chipinda pamodzi ndi zizindikiro zothamangira kuchipatala ndi nambala ya wodi. Tagawana masiku: ine Lolemba mpaka Lachinayi, iwo Lachisanu mpaka Lamlungu. Tiona ngati zipitirire mwezi ukatha.

Funso limodzi a Chikondi: chidendene cha kumanja chikuoneka chakuda pang'ono kuposa chinzake koma sichinatenthe. Ndidikire tsiku lokaonedwa?

Chikondi (fizo): Ikani pilo pansi pa katumba kuti chidendene chilendewere, chisakhudze matiresi ngakhale pang'ono. Chijambuleni pano, mudzachijambulenso mawa m'mawa pa kuwala komweko. Ngati sichinasinthe, kapena palimba, kapena patuluka thuza, imbani nambala ija mawa lomwelo, musadikire masabata awiri.

Nachisale: Ndaika pilo, ndajambula. Achimwene akuti wotchi ikalira 12 koloko ndi 2 koloko adzuka ndi iwo. Ine ndikukagona.